Masensa oyatsa magetsi akuvuta m'nyumba: tikonze kapena tigule ena?

Mayi a ku Matawale:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa odziwa zamagetsi. M'nyumba muli masensa anayi oyendera batire a Zigbee (njira yolumikizira zida za m'nyumba popanda mawaya), aja amayatsa getsi munthu akadutsa. Imodzi ili m'kolido, ina kubafa, ina pakhonde lakumaso, ina m'sitolo ya zakudya. Onse amalankhula ndi hub imodzi (kabokosi kolamulira zida zonsezi) yomwe ili pabalaza, pamwamba pa rauta. Ya pakhonde imayatsa getsi pakati pa usiku popanda munthu. Ya kubafa imathimitsa getsi munthu ali mkati akusamba. Ya m'kolido imangoti zii magetsi akathima n'kuyakanso, mpaka wina achotse batire n'kubwezeretsa. Ya m'sitolo yokha ndiyo ilibe vuto. Kodi masensa ake ndi osalimba ndigule ena, kapena pali chimene sichinaikidwe bwino?

Mmisiri wa ku Mpondabwino:
Mayi, musathamangire kugula. Mavuto mwatchulawo ndi atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi gwero lake. Mukagula masensa ena a mtundu womwewo n'kuwaika pamalo omwewo, awiri mwa mavutowo abweranso.

Choyamba tidziwe chimene sensa yotereyi imaona. Mtundu umenewu umatchedwa PIR. Siona munthu ayi, imaona kusintha kwa kutentha kutsogolo kwake. Kapulasitiki koyera kaja ndi lenzi yogawidwa tizigawo tambirimbiri, ndipo mkati muli timaso tiwiri tomva kutentha. Chinthu chofunda chikachoka pachigawo china kupita pa china, kaso kamodzi kamalandira kutentha kambiri kuposa kanzake, ndiye sensa imati pali munthu. Apa pakutuluka zinthu zitatu. Munthu akangoima kapena kukhala phee, sensa imamutaya. Munthu akamabwera molunjika kumene sensa yayang'ana, imachedwa kumuona kusiyana ndi amene akudutsa chopingasa. Ndipo chilichonse chosintha kutentha pafupi ndi lenzi, chingakhale chaching'ono chotani, chimaoneka ngati munthu.

Ya m'sitolo ikuyenda bwino chifukwa mulibe dzuwa, mulibe mphepo, ndipo munthu amalowa, kutenga ufa, n'kutuluka. Ndiyo ntchito imene PIR inapangidwira.

Bambo a ku Mulunguzi:
Ndiyankhepo za pakhonde. Usiku tengani tochi mukayang'ane pa lenzi penipeni ndi kuseri kwa sensayo. Kawirikawiri mupeza nalimata. Amakonda kusaka tizilombo pafupi ndi getsi, ndipo akadutsa pa lenzi amatseka chigawo chonse chimene sensa imaonera. Ngakhale thupi lake silifunda ngati la munthu, kusintha kumeneko n'kokwanira. Kangaude nayenso amamanga ukonde pakona pomwepo, ukonde n'kumagwedezeka ndi mphepo. Nyerere zimalowa mkati kudzera pabowo la sikuluu n'kumayenda pa kaso kenikeniko. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikadzadza pa getsi, sensa yomwe ili pansi pa babu sipuma usiku wonse.

Chochita chake ndi ichi. Sensa ichoke pafupi ndi babu, italikirane nalo mita imodzi kapena kuposerapo, ndipo babu lisakhale kutsogolo kwake. Ikhale pamtunda wa mamita 2.1 mpaka 2.4 kuchokera pansi, yoweramira pansi pang'ono kuti malire ake athere m'bwalo mwanu, asafike kumsewu. Galimoto yodutsa ndi injini yotentha imaoneka patali kwambiri kuposa munthu. Ngati kutsogolo kuli mtengo wa mango kapena nthochi, masamba ake akamavina ndi mphepo pamwamba pa khoma lomwe latenthedwa tsiku lonse, sensa imayatsa getsi. Matani tepi yakuda yamagetsi pambali ya lenzi yomwe yaloza kumtengoko, kenako yendani nokha pabwalo kuti muone pomwe ikukupezani ndi pomwe yasiya. Tizigawo takumwamba pa lenzi ndito timaona patali, takumunsi timaona pafupi. Mabowo onse mutseke ndi silikoni. Mankhwala ophera tizilombo musapopere pa lenzi chifukwa amaiwononga. Poperani pakhoma mozungulira mutaiphimba ndi pepala.

Chomaliza, yang'anani pa bokosi lake ngati palembedwa IP44 kapena kuposerapo, chizindikiro choti sensa imapirira madzi owazika. Masensa ambiri ang'onoang'ono a batire ndi a m'nyumba. Kuno kumunsi kwa phiri nkhungu ya m'mawa ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julaye zimalowetsa chinyontho mkati ngakhale khonde lili ndi denga, ndipo chinyontho chikakhala pa bolodi sensa imayamba kunama.

Achemwali a ku Chikanda:
Bambo anena zoona. Ndiwonjezere kuti mu Okutobala vuto limatembenuka. Khungu la munthu limakhala pa madigiri 33 kapena kuyandikira apo. Khoma la njerwa pansi pa malata likatentha kufika pamenepo, munthu ndi khoma zimafanana pamaso pa sensa, ndiye imafupikitsa mtunda kapena osamuona n'komwe. Amene akuti sensa yafa masana koma usiku ikugwira, asaitaye. Aisunthe kuti munthu azidutsa pafupi nayo, mamita awiri kapena atatu, komanso chopingasa.

Mayi a ku Matawale:
Zikomo nonse. Pakhondepo n'zoona, sensa ili pansi penipeni pa babu, ndipo pa bokosi sipanalembedwe za IP. Nanga ya m'kolido ija? Pa foni ikuonetsa kuti batire lili pa 70%.

Achimwene a ku Chinamwali:
Mayi, nambala ya pa foniyo musaikhulupirire kwambiri. Mabatire ozungulira aja amasunga mphamvu yake pafupi ndi 3V nthawi yaitali, kenako amagwa mwadzidzidzi, ndiye pulogalamu imalephera kuwerengera bwino. Chotsani batire muyeze ndi multimeter, kachida koyezera mphamvu ya magetsi. Latsopano limaonetsa 3.2V kapena 3.3V. Likaonetsa 2.8V kapena kutsika apo lisanalumikizidwe ku chilichonse, dziwani kuti sensa ikamatumiza uthenga limagwa kwambiri mpaka sensa kuzima n'kuyambanso. Muonetsetsenso nambala yolembedwa pa batirelo. Masensa ambiri amafuna CR2450, lomwe ndi lalikulu mamilimita 24.5 ndi kukhuthala mamilimita 5. Anthu akalisowa amaika CR2032 n'kupindira kapepala kuti ligwire. Limayaka ndithu, koma CR2032 lili ndi mphamvu pafupifupi 220mAh pamene CR2450 lili ndi pafupifupi 600mAh, ndipo silikhudza bwino tizitsulo. Tizitsulo timeneto mutipukute ndi kansalu konyowetsa sipiliti ngati tachita dzimbiri. Chonde mabatire akale asagone pansi kapena m'mbale. Mwana akameza limodzi limatentha kummero m'maola ochepa, ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo.

Koma poti mwati imafa magetsi akathima, ine ndikukayikira kwambiri njira imene uthenga umadutsa. Mu Zigbee muli zida za mitundu itatu. Hub ndiyo mutu. Zida zolumikizidwa kumagetsi nthawi zonse, monga mapulagi ndi mababu a Zigbee, zimalandira uthenga n'kupatsira zinzake. Sensa ya batire sipatsira aliyense. Imagona nthawi zambiri kuti isunge batire, ndipo imasankha chida chimodzi chokhala kholo lake, n'kumadutsira pamenepo. Magetsi akathima, kholo lija lazima. Sensa imadzuka, kuitana, osayankhidwa, n'kuyamba kufunafuna, ndipo kufunafunako kumadya batire kwambiri. Masensa abwino amapeza kholo lina kapena kubwerera kwa lakale magetsi akayaka. Ena, makamaka akale, amakhala ngati nkhuku yosamutsidwa khola yomwe madzulo imakaimabe pamalo akale: amangodikira pomwepo, akatopa amagona osayesanso. N'chifukwa chake kuchotsa batire kumaidzutsa.

Kodi m'kolidomo muli babu la Zigbee lomwe anthu amathimitsa pa swichi ya pakhoma?

Mayi a ku Matawale:
Lilipo, achimwene. Ana amalithimitsa pa swichi masana. Batire ndayeza, likuonetsa 2.9V.

Achimwene a ku Chinamwali:
Basi, gwero ndi limenelo. Sensa inasankha babulo kukhala kholo chifukwa ndilo lili pafupi, ndiye swichi ikathimitsidwa kapena magetsi akapita, yatsala yokha. Batire la 2.9V lili m'malire, lisintheni pamene mukukonza zonsezi.

Muchite motere. Hub ndi rauta zikhale pa ka UPS kakang'ono kaja kosunga magetsi m'batire, kotulutsa 5V, 9V ndi 12V. Kuti mudziwe maola ake, werengerani: kolembedwa 10,000mAh pa 3.7V kali ndi 37Wh, ndiye zida zodya mawati 10 zikhala maola atatu kapena kuchepera pang'ono, poti mphamvu ina imatayika posintha. Ngati m'nyumba muli invata, pulagi imodzi ya Zigbee muiike pa soketi yodyetsedwa ndi invatayo, pakati pa nyumba, kuti pakhale kholo losazima. Kenako chotsani sensa mu pulogalamu, thimitsani babu lija pa swichi, ndipo mulumikizenso sensa ili pamalo ake enieni m'kolido, osati mutaibweretsa pafupi ndi hub. Ikatero isankha chida chimene chikuyaka panthawiyo. Amene akugwiritsa ntchito pulogalamu ya Zigbee2MQTT angathe kulola kulumikiza kudzera pa chida chimodzi chokha chimene asankha, ndipo pa mapu ake amaona sensa iliyonse ndi kholo lake. Swichi ya babu lija muiphimbe kuti isamathimitsidwe, apo ayi ikani babu wamba n'kusintha swichiyo kukhala ya Zigbee.

Mmisiri wa ku Mpondabwino:
Palinso chimene mayi anatchula poyamba: hub ili pamwamba pa rauta. Ichoke pamenepo lero lomwe. Wi-Fi ndi Zigbee zonse zimayenda pa 2.4GHz, ndipo Wi-Fi ili ndi mawu aakulu kwambiri. Italikirane mita imodzi kapena iwiri. Ngati hub yanu ndi kachida kolowetsa pa USB, kagulireni chingwe chotalikitsira, kasakhale pafupi ndi mabowo a USB 3.0 aja abuluu, chifukwa amatulutsa phokoso pa 2.4GHz pomwepo.

Za matchanelo: Zigbee ili ndi 11 mpaka 26. Wi-Fi ikakhala pa tchanelo 1 imaphimba Zigbee 11 mpaka 14, pa 6 imaphimba 16 mpaka 19, pa 11 imaphimba 21 mpaka 24. Mipata yotsala ndi 15, 20, 25 ndi 26. Kusintha tchanelo cha Zigbee kungafune kulumikizanso zida zina, choncho chosavuta n'kuona pomwe Zigbee ili kale, n'kusuntha Wi-Fi kuti ipite kutali nayo. Pa rauta musasiye "auto", ikani tchanelo chimodzi chokhazikika ndi m'lifupi wa 20MHz. Ma rauta ambiri akayaka magetsi atabwera amasankha tchanelo china, ndipo mwina n'chifukwa chake vuto limaonekera nthawi yomweyo.

Makoma athu a njerwa zowotcha amadya siginolo kuposa makoma a matabwa omwe opanga amayezera. Mtunda wolembedwa pa bokosi musaudalire. Makoma awiri akakhala pakati, ikanipo pulagi yopatsira.

Mnyamata wa ku Sadzi:
Akuluakulu, ine ndikuona kuti PIR yatha nthawi yake. Bwanji mayi angochotsa onse n'kuika a radar? Amaona ngakhale munthu atakhala phee, amamva mpaka kupuma kwa pachifuwa, ndipo kutentha kwa Okutobala sikuwakhudza. Aqara FP2 imagwira pa 60GHz ndipo chipinda chimodzi umachigawa zigawo. Sonoff SNZB-06P ndi ya Zigbee, pa 5.8GHz. Wodziwa kuwotcherera mawaya angagule HLK-LD2410 ya 24GHz n'kuilumikiza ku kabolodi ka ESP32 ndi pulogalamu ya ESPHome, imatsika mtengo kwambiri.

Achemwali a ku Chikanda:
Achimwene, radar ndi yabwino koma si ya paliponse, ndipo pakhonde ndiye ingawonjezere vuto. Imaona chilichonse chogwedezeka, chofunda kapena chozizira: fani, katani, masamba, zovala pachingwe, mvula ikugwa. Imaboola chitseko cha pulayiwudi ndi siling'i yopyapyala, ndiye munthu wodutsa m'kolido amayatsa getsi la kuchipinda. Komanso zonse mwatchulazo zimafuna magetsi a USB nthawi zonse, ndiye magetsi akathima nazonso zazima pokhapokha zili pa UPS kapena invata. FP2 imadutsira pa Wi-Fi, osati pa hub ya Zigbee imene mayi ali nayo. Ndipo zambiri zimachedwa pang'ono kuona munthu wolowa poyerekeza ndi PIR, zimachedwanso kuvomereza kuti watuluka.

Chimene chimagwira bwino n'kuziphatikiza. PIR iyatse getsi chifukwa ndi yachangu, radar iletse getsi kuzima pamene munthu adakali m'chipinda. M'kolido ndi m'sitolo PIR yokha ikukwana, poti palibe amakhalamo. Radar ipite pabalaza, pophunzirira, ndi kubafa.

Bambo a ku Mulunguzi:
Kubafako mayi angayambe popanda kugula radar. PIR siona kudzera pa galasi, ndipo katani ya pulasitiki imaitchinga kwambiri. Nthunzi ya madzi otentha imafananitsa kutentha kwa chipinda chonse. Ndiye munthu akangolowa kuseri kwa katani, kwa sensa watuluka. Yambani ndi kutalikitsa nthawi yothimitsira, kuchoka pa mphindi imodzi kapena ziwiri kufika pa mphindi 10. Babu la LED la mawati 9 loyaka mphindi zoonjezerazo silidya mayunitsi oti mungadandaule.

Njira yabwino koposa ndi kuwonjezera sensa ya pachitseko, ija ya zidutswa ziwiri, china chili ndi maginito. Lamulo lake mulilembe motere: chitseko chikatsekedwa, PIR n'kuona kuyenda chitsekocho chili chotseka, ndiye kuti mkati muli munthu, getsi lisazime mpaka chitseko chitatsegulidwa. Munthu sangatuluke osatsegula chitseko, ndiye lamuloli silinama. Zidutswa ziwirizo zisatalikirane kuposa sentimita imodzi ndi theka, ndipo ngati felemu ndi yachitsulo muike kathabwa kopyapyala pansi pake, chifukwa chitsulo chimafooketsa maginito.

Chinthu chimodzi choti musamale: masensa a batire akaona munthu amatseka maso kanthawi kuti asunge batire. PIR yakale ya kampani ya Aqara imakhala masekondi 60 isanatumizenso. Aqara P1 imalola kusankha kuyambira sekondi imodzi mpaka 200. Ngati yanu ndi ya masekondi 60, munthu akalowa n'kutseka chitseko msanga, uthenga wa kuyenda umakhala utatumizidwa kale chitseko chisanatsekedwe, ndiye lamulo lija liphonya. Likonzeni kuti: ngati kuyenda kwaoneka m'masekondi 30 chitseko chisanatsekedwe ndipo getsi ndi loyaka, lidikire mphindi ziwiri kuti lione kuyenda kwina, kukaoneka, mkati muli munthu.

Mnyamata wa ku Sadzi:
Ndamva, achemwali, pakhonde ndavomereza. Koma kwa amene angafune LD2410 kubafa, ndisiye izi. Imadya 5V, imafika mamita 6, ndipo mtundawo unagawidwa zipata za mamita 0.75 chilichonse. Chipata chilichonse chili ndi nambala ziwiri zoyambira 0 mpaka 100, ina ya munthu woyenda, ina ya wokhala phee, ndipo nambala ikakwera sensa imavutika kuona munthu. Bafa la mamita awiri lifuna zipata zitatu zokha, zotsalazo muzitseke kuti isaone m'chipinda choyandikana. Mitundu ya LD2410B ndi LD2410C ili ndi Bluetooth, mumaisintha pa foni. Muyeze bafa lili lopanda munthu, muone nambala imene chipata chilichonse chikuonetsa, n'kuika malire pamwamba pake pang'ono. Muyezenso mpopi ukudontha ndi thanki ya chimbudzi ikudzadza, poti madzi oyenda nawonso imawaona. Tchaja ya 230V isalowe m'bafa. Ikhale kunja, mulowetse chingwe cha 5V chokha, ndipo bolodi ikhale m'kabokosi ka pulasitiki kotseka, osati kachitsulo.

Opanga okha PIR apewe kuika HC-SR501 pafupi ndi ESP8266 kapena ESP32, chifukwa siginolo ya Wi-Fi imaipangitsa kunama. AM312 imapirira bwino ndipo imayenda pa 3.3V.

Mayi a ku Matawale:
Nanga aja a Wi-Fi osafuna hub, omwe amagulitsidwa motchipa? Ndimaganiza zoika imeneyo pakhonde kuti izindichenjeza pa foni usiku.

Mmisiri wa ku Mpondabwino:
Imeneyo ayi, mayi. Sensa ya Wi-Fi ya batire imagona, ndiye ikaona munthu iyenera kudzuka, kulumikizana ndi rauta, kenako kutumiza uthenga ku seva yakunja, uthengawo n'kubwerera ku foni kapena ku babu. Pamapita masekondi angapo, ndipo bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa palibe chimene chifike. Batire lake silikhalitsanso ngati la Zigbee. Pogula chilichonse funsani ngati malamulo ake amayenda m'nyumba momwemo popanda intaneti. Kuyesa n'kosavuta: zulani intaneti pa rauta, dutsani kutsogolo kwa sensa, muone ngati getsi layaka.

Koma mwatchula mawu ofunika, akuti kuchenjeza. Kuyatsa getsi ndi nkhani ina, chitetezo ndi nkhani ina. Pa chitetezo ine sindingadalire kasensa ka batire lozungulira. Ikani sensa ya alamu ya mawaya, yapanja, ya mitundu iwiri pamodzi, PIR ndi microwave. Imalira pokhapokha zonse ziwiri zitavomerezana, ndiye nalimata pa lenzi kapena tsamba logwedezeka pazokha siziikwanitsa. Imayenda pa 12V, imadya ma mA ochepa, ndipo batire la alamu la 12V 7Ah limaisunga nthawi yaitali magetsi atathima: masensa anayi odya 20mA iliyonse ndi 80mA basi. Waya wake ndi wa alamu wa mitsempha isanu ndi umodzi: iwiri ya magetsi, iwiri ya NC (yolumikizana nthawi zonse, imalekana sensa ikaona munthu), iwiri ya kaswichi kolira wina akatsegula chivindikiro. Poti ndi NC, wakuba akadula waya alamu imalira. Mitsempha ya NC ija mungailowetse pa ESP32, umodzi pa GND wina pa pini yokhala ndi pull-up, ndipo pulogalamu yoyendetsera zida za m'nyumba ya Home Assistant iiona ngati sensa ina iliyonse. Ngati pakhomo pali galu, sankhani yolembedwa kuti siona ziweto ndipo muone makilogalamu amene yalemba. Imagwira ntchito pokhapokha yaikidwa pamtunda umene wopanga wanena ndipo galu alibe masitepe kapena tebulo lokwerapo kutsogolo kwake.

Bambo a ku Mulunguzi:
Kwa okhala m'mbali mwa phiri, apusi ndi anyani akalowa pabwalo sensa iliyonse imawaona ngati anthu, palibe yowasiyanitsa. Chothandiza n'chakuti amayenda masana, ndiye uthenga wa pa foni muuike kuti uzibwera usiku wokha. Amene akufuna kuteteza mpanda aike mabimu, aja awiri oyang'anizana otumizirana kuwala kosaoneka. Mugule olembedwa mtunda wowirikiza kawiri mtunda wanu weniweni, chifukwa nkhungu ndi mvula yamphamvu zimafooketsa kuwalako, ndipo udzu wa pakati pawo muzitchetcha dzinja lonse. Waya wautali wapanja umakoka mphenzi, choncho udutse m'paipi pansi ndipo kumagetsi kukhale choteteza.

Achemwali a ku Chikanda:
Mayi, pogula ya pakhonde yongoyatsa getsi, sankhani yoyendera mabatire a AA kapena AAA, poti amapezeka m'golosale iliyonse pamene CR2450 ndi losowa. Philips Hue yapanja imatenga AA awiri ndipo ndi IP54. IKEA Vallhorn imatenga AAA awiri, ndi IP44. Zonsezi ndi Zigbee, koma muone kaye mndandanda wa zida zimene hub yanu imavomereza musanaitanitse, chifukwa ma hub ena amalola za kampani yawo yokha. Ngati wina akukutumizirani kuchokera kunja, akane za Z-Wave (njira ina yosiyana ndi Zigbee) pokhapokha muli ndi hub yake, ndipo ngakhale pamenepo za ku America ndi za ku Ulaya sizimvana, zina zili pa 908MHz zina pa 868MHz.

Mayi a ku Matawale:
Mwandithandiza kwambiri. Ndiyamba ndi kusuntha hub, batire latsopano ndi kulumikizanso ya m'kolido, kenako sensa ya pachitseko cha kubafa. Ija ya pakhonde ndiichotse ndiitaye?

Achimwene a ku Chinamwali:
Musataye, mayi. Itseguleni, chotsani batire, muone ngati pa bolodi pali zoyera kapena zobiriwira za chinyontho. Pukutani ndi kaburashi ndi sipiliti, iume tsiku lathunthu pamthunzi. Kenako muike batire latsopano, muitsekere m'katoni, katoniyo muiike m'kabati usiku umodzi, m'mawa muone mbiri yake pa foni. Ngati sinatumize kanthu ili m'katoni, ndi yamoyo, ikagwire ntchito m'chipinda cha mkati. Ikapezeka kuti yatumiza uthenga ili mumdima momwemo, bolodi yawonongeka, ndipo batire lokha ndilo mupulumutse.